Aneba ayika chigayo pafupi ndi nyumba yanga ku Kasungu, kodi khonsolo ingachitseke?

Funso: Ndimakhala m'tauni ya Kasungu pa poloti yomwe tinamanga ndi malemu amuna anga. Aneba athu anayamba ndi kahokala, koma chaka chino ayika chigayo ndi chokonola chomwe, ndipo shedi yake yatsamira fensi yanga. Magetsi akabwera usiku amayendetsa chigayocho mpaka m'bandakucha, ana sakugona, zovala pa chingwe zikumayera ndi fumbi la gaga, ndipo anthu odzagayitsa akumakodza kuseri kwa mpanda wanga. Ndinakadandaula kwa mfumu ya buloko, anangoti tizimvana poti ndife anthu amodzi. Anthu akundiuza kuti kuno ndi malo a nyumba zogona, bizinesi yotere siyololedwa. Kodi ndi zoona? Nanga ndipite kuti kuti achitseke?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri, chigayo si chinthu choti munthu n'kugona nacho khoma limodzi. Nkhani zoterezi ndakhala ndikuzigwira zaka zambiri ku mbali ya mapulani a matauni, nde ndiyambe ndi yankho lachidule. Inde, ngati dera lanulo pa mapu a khonsolo linaikidwa kuti ndi la nyumba zogona, munthu sangangodzuka n'kuyika chigayo popanda chilolezo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zomuimitsa, olo kumulamula kuti agwetse shediyo. Koma ndikuuzeni zoona musanathe ndalama pa kabaza, kutseka kwenikweniko kumabwera kumapeto penipeni ndipo nthawi zambiri nkhani siifika n'komwe kumeneko. Zomwe anthu amapeza msanga ndi zoti chigayo chizilira masana okha, khoma likonzedwe, fumbi lichepe, chimbudzi chimangidwe. Nde musanapite ku ofesi iliyonse khalani pansi mudzifunse, mukufuna kuti bambowo asamuke ndi chigayo chawo, kapena mukufuna kuti ana azigona usiku? Njira ziwirizi kutalika kwake n'kosiyana kwambiri, ndipo ku khonsolo amamvera msanga munthu amene wabwera akudziwa chomwe akufuna.

Lamulo lomwe anthu akukuuzanilo ndi Physical Planning Act ya 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lakale lija la 1988 la Town and Country Planning. Lakalelo linkagwira ntchito m'madera okhawo amene boma linawalengeza, pomwe latsopanoli linatenga dziko lonse. Lamuloli limati pamafunika chilolezo pa zinthu ziwiri, kumanga chinthu pa malo, komanso kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malowo mwa njira yooneka. Chachiwirichi ndi chomwe anthu ambiri sachidziwa, amaganiza kuti bola poloti ndi yanga ndinagula ndi ndalama zanga nditha kupangapo chilichonse. Ayi ndithu. Poloti ya nyumba ikasanduka malo a chigayo, garaja, bala kapena tchalitchi, mwini wake amayenera kulembera ku khonsolo kupempha chomwe ku ofesi amachitcha change of use, ndipo komiti yoona za mapulani ndi yomwe imavomera kapena kukana, ikaona msewu wolowera, phokoso, zinyalala ndi m'mene oyandikana nawo zikuwakhudzira. Ndiye aneba anuwo amafunika mapepala awiri, la shedi yomwe amangayo ndi losinthira ntchito ya malo. Ngati palibe munthu wa ku khonsolo amene anabwerapo kudzayang'ana kapena kudzakufunsani maganizo anu chigayo chisanafike, ine ndikukayika ngati mapepalawo alipo.

Koma musakalowe mu ofesi ndi mawu oti bizinesi pakhomo siyololedwa, akakusekani. Tauni ya Kasungu theka lake likudya geni ya pakhomo, wina akukazinga mandasi, wina mafilizi mu fuliji, telala pakhonde, saluni ya mpando umodzi, kabenchi ka tomato ndi bonya pa geti, kakhumbi ka Airtel Money ndi Mpamba. Palibe wa mapulani wa nzeru zake amene angalimbane ndi zimenezi, ndiponso ndime 29 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wochita geni ndi kupeza zosowa zake kulikonse m'Malawi muno. Chomwe timayang'ana ife ndi choti kodi nyumbayo ikadali nyumba, yoti geni ikungotsamirapo pang'ono, kapena geniyo ndi yomwe yameza malo onse. Kahokala kaja anayamba nako kanali mbali yoyambayo, ndipo mukanabwera nthawi imeneyo ndikanakuuzani kuti zisiyeni. Chigayo ndi nkhani ina, pali mota yaikulu ya magetsi amphamvu omwe amati three phase, pali shedi yatsopano, pali wantchito, ngolo ndi njinga zikuima pa msewu tsiku lonse, makamaka miyezi yokolola anthu akamabwera ndi matumba kudzakonoletsa mphale. Apa palibe angatsutse kuti malo asintha ntchito.

Tsopano apa ndi pomwe nkhani zambiri zimagwera, poloti yanuyo ili pa malo a mtundu wanji ndipo ili m'manja mwa khonsolo iti? Ku Kasungu kuli makhonsolo awiri, ya tauni yomwe ndi Kasungu Municipal Council, ndi ya boma lonse yomwe imatsogozedwa ndi a DC. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 m'tauniyi, ndipo chiyambire nthawi imeneyo nyumba zapitirira kusefukira m'midzi ya m'mbali, moti pali anthu ambiri amene amati timakhala m'tauni koma pa mapu ali kunja kwa malire. Njira yachidule yodziwira, onani komwe mumalipira maleti a nyumba kapena lendi ya malo, lisiti lakelo likuuzani mwini nkhani yanu. Ngati muli ndi lizi yochokera ku unduna wa za malo, zija za zaka 99, itulutseni muiwerenge, mupezamo mawu onena ntchito ya polotiyo, ndipo nthawi zambiri ya aneba anu imakhala yofanana ndi yanu poti mapoloti a mzere umodzi amadulidwa limodzi. Munthu akaphwanya zomwe zili mu lizi, eni malo omwe ndi boma ali ndi mphamvu zomuchenjeza mpaka kumulanda, nde imeneyo imakhala ndodo yachiwiri kupatula ya khonsolo. Ngati ndi nyumba za Malawi Housing Corporation, dandaulo lipitenso kwa iwowo. Koma ngati nonse munagula kwa amfumu ndi kapepala kolemba pamanja, ndipo deralo silinadulidwepo mapoloti ndi a mapulani, mawu oti kuno ndi malo a nyumba zogona amakhala opanda mapu owaikira kumbuyo. Sikuti basi mwaluza ayi, chilolezo chomangira chimafunikabe, malamulo a zaumoyo akugwirabe ntchito, kungoti mphamvu ya nkhani yanu imasamukira ku fumbi, mikodzo ndi phokoso m'malo mwa mapu.

Funsaninso mwakachetechete ngati bambowo ndi eni poloti kapena ndi alendi. Ngati akuchita lendi, alandilodi awo nawonso notisi ya khonsolo ikawapeze, ndipo alandilodi ambiri safuna dzina lawo lizimveka ku khonsolo chifukwa cha munthu woti mawa asamuka.

Mukadzayamba kuyankhula, chinthu choyamba chomwe adzakulozereni ndi layisensi yomwe anaikhoma pa khoma la chigayo, mwinanso malisiti a ndalama zomwe amalipira kwa otolera misonkho, kenako adzati onani ESCOM inandilumikizira yokha, ikanakhala yoletsedwa akanabwera ndi mapolo? Musagwe nazo mphwayi zimenezo. Layisensi ya bizinesi imachokera ku mbali yotolera ndalama, chilolezo cha malo chimachokera ku mbali ya mapulani, ndipo m'makhonsolo athu ambiri maofesi awiriwa amatha kukhala khomo ndi khomo koma osafunsana. Wotolera ndalama akaona chigayo amaona ndalama ya layisensi chaka ndi chaka basi, za kuti chayikidwa pati si mutu wake. ESCOM nayo ntchito yake ndi kugulitsa magetsi, siyopereka chilolezo cha malo. Nde pepala limodzi silichiza kusowa kwa linzake. Ndipo kunena mosapsatira, ichi ndi chifukwa chake makhonsolo amachita ulesi pa nkhani zotere, amene mukumudandaulayo ndi kasitomala wawo wolipira, pomwe inu mwabwera ndi ntchito yofuna mafuta a galimoto. N'chifukwa chake zonse muzichita polemba, pakamwa pokha adzakuuzani kuti tibwera mawa mpaka mvula idzagwa.

Musanalembe kalata, tolerani umboni kwa masabata angapo. Gulani kope la ana asukulu, tsiku lililonse muzilemba deti, nthawi yomwe chigayo chayamba ndi yomwe chasiya, monga Lachiwiri chayamba 11 koloko usiku chasiya 4 koloko m'mawa. Jambulani kavidiyo muli m'chipinda chogona zitseko ndi mawindo zili zotseka, wotchi kapena foni ina ikuoneka nthawi, kuti womvera amve zomwe ana anu amamva. Jambulani zovala pa chingwe, mbale pa thandala, madzi a mu ndowa atachita kansalu koyera pamwamba, ndi khoma lomwe anthu amakodzapo lija. Ngati fensi yayamba ming'alu jambulani lero, mudzajambulenso mwezi wa mawa mutaika ndalama yachitsulo pambali pa mng'aluwo kuti kukula kwake kuzioneka. Mwana akayamba kutsokomola kapena chifuwa cha mphumu chikavuta, pitani naye ku chipatala ndipo muwauze adokotala za fumbilo kuti zilembedwe m'buku lake. Pa foni pali timapulogalamu toyeza phokoso, si tolondola ngati makina enieni koma timathandiza kupereka chithunzi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'chipinda chogona usiku phokoso losalekeza lisapitirire ma decibel 30 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo a zachitetezo pa ntchito amati kuyambira 85 makutu amayamba kuwonongeka munthu akamakhalapo maola 8 tsiku ndi tsiku. Olo mulibe foni yotero, ngati pa khonde panu mukuchita kukuwa kuti munthu amene mwayandikana naye akumveni, dziwani kuti zafika poipa. Zonsezi muzichita muli mbali yanu ya mpanda, musalowe pa poloti yawo kukajambula, angakutembenuzireni mlandu.

Kenako bwereraninso kwa anebawo, koma ulendo uno osapita nokha komanso osapita ndi mawu oti mukutisokosera basi. Tengani mfumu ya buloko ija ndi munthu wina wamkulu amene onse mumamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo kaya wa komiti ya chitetezo cha m'dera, ndipo mupite ndi zinthu zoti iwo atha kuchita. Zambiri mwa zomwe zikukuvutanizo zili ndi mankhwala ake ndipo si zodula kuposa kusamutsa chigayo. Kunjenjemera komwe mumamva pa bedi kuja sikudutsa mu mpweya ayi, kumayenda pansi, kuchoka pa simenti yomwe anakhazikapo mota ndi chigayo kulowa m'maziko a fensi yanu, nde chigayo chimafunika chikhale pa chisimenti chakechake chosagundana ndi khoma lililonse, pansi pa miyendo yake ataikapo labala, olo zidutswa za matayala akale zimathandiza. Shedi ya malata okhaokha imakuza phokoso, pomwe khoma la njerwa lochindikala lopanda windo mbali yanu limalibweza, ndipo shediyo ichoke pa fensi yanu pakhale mpata. Fumbi lambiri limachokera ku chokonola, kumene gaga amatulukira, pamafunika chifanulo chokolera gaga chokhala ndi thumba lansalu losabooka komanso paipi yake iloze kwina osati ku chingwe chanu. Chimbudzi cha makasitomala chimenecho nde sitikambirana n'komwe, malo aliwonse olandira anthu amayenera kukhala nacho. Ndipo chachikulu ndi nthawi, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Adzakuuzani kuti magetsi amathima masana nde ndigaye liti, ngongole ya chigayo ndibweza bwanji. Ndi zoona vutolo lilipo ndipo ine ndimawamvetsa eni zigayo, koma kuthima kwa magetsi sikungalipiridwe ndi tulo ta ana anu, bwino mugwirizane zoti tsiku lomwe magetsi anathima atha kupitirira mpaka 8 koloko, osati m'bandakucha. Zomwe mwagwirizanazo zilembedwe, nonse musayine, mboni zisayine, aliyense atenge pepala lake. Akakana kapena akasayina n'kuphwanya, pepala lomwelo likakhala umboni woti inu munayesa zamtendere, ndipo a khonsolo ndi a khothi amalemekeza kwambiri zimenezo.

Zikakanika nde lembani kalata. Ngati muli m'malire a tauni ipite kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo ya tauni, amene amati Chief Executive Officer, ngati muli kunja ipite kwa a DC. Makope ena apite kwa mkulu wa mapulani, kwa a zaumoyo ndi kwa khansala wa wodi yanu. M'Chichewa momwemu ndi bwinobwino, musavutike kusaka munthu wa Chingerezi. Ikhale yaifupi, tsamba limodzi, yopanda mbiri ya mmene munayambanirana pa nkhani ya nkhuku chaka chatha. Nenani dzina lanu, nambala ya poloti yanu ndi yoyandikana nayo, mwezi womwe chigayo chinayamba, mavuto ake mwachindunji, ndi zomwe mwayesa kale. Kenako ikani mafunso oti sangawazembe, mwachitsanzo chonchi: "Ndikupempha kuti mundiuze polemba ngati poloti imeneyi ili m'dera la nyumba zogona, ngati khonsolo inapereka chilolezo chomanga shedi ndi chosintha ntchito ya malowa, ndipo ngati sinapereke, ichitapo chiyani komanso liti." Funso lotere limamukakamiza munthu kutsegula faelo. Pitani ndi makope awiri, limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo cha tsiku lomwe alandira, limenelo ndi lanu musalitaye. Ndipo yesetsani kuti maneba ena asayine nawo, olo atatu kapena asanu. Kalata ya munthu mmodzi, makamaka mayi wamasiye, ena amathamangira kuitcha nsanje, koma ya mabanja angapo imakhala ya dera. Zimathandizanso pa lamulo, chifukwa Penal Code ili ndi ndime yonena za munthu amene chifukwa cha malonda ake akuchita phokoso lalikulu kapena fungo loipa mpaka kusowetsa mtendere anthu ambiri, ndipo mawu oti anthu ambiriwo ndi omwe amagwira ntchito pamenepo.

Khonsolo ikadzuka, imatumiza anthu kudzaona, ndipo akapeza kuti chilolezo palibe atha kupereka stop notice yoimitsa ntchito, kapena enforcement notice yomwe imanena cholakwika, zoyenera kukonza ndi nthawi yomwe wapatsidwa. Akanyozera, nkhani itha kupita ku khothi ndipo khonsolo itha kugwetsa yokha zomwe anamangazo. Koma dziwiranitu kuti lamulo limamupatsanso iyeyo njira, atha kuchita apilo, komanso atha kupempha chilolezo chomwe sanapemphe poyamba chija, ndipo kawirikawiri makhonsolo amakonda njira imeneyi, kumulipiritsa chindapusa n'kumupatsa chilolezo. Apa ndi pomwe muyenera kukhala maso, mukangomva kuti apempha, lembaninso kalata yotsutsa ndipo munene kuti ngati komiti ivomere, ivomere ndi malamulo olembedwa pa chilolezocho, maola ogwirira ntchito, khoma, chimbudzi, fumbi. Zikalembedwa pa chilolezo, tsiku lomwe adzalize chigayo pakati pa usiku adzakhala ataphwanya chilolezo chake chomwe, ndipo kumugwira kumakhala kosavuta kusiyana ndi pano.

Mwa zomwe ndaona ine, khomo lomwe limatseguka msanga si la mapulani koma la zaumoyo. Public Health Act ndi lamulo lakalekale la 1948 koma mano likadali nawo, limaletsa munthu kusunga malo ake mwa njira yoika umoyo wa ena pa chiswe, monga malo a ntchito auve, opanda chimbudzi, otulutsa fungo kapena osunga makoswe, ndipo pomwe pali milu ya gaga makoswe sasowa. Woyendera zaumoyo safunika kudikira komiti kuti ikumane, amabwera, amaona, amalemba notisi yoti pofika tsiku lakuti mukhale mutakonza, akapanda kukonza nkhani imapita kwa majisitireti. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, aja amayendetsa sikelo ya ana, akulozerani kwa akuluakulu ake. Kulinso MEPA, bungwe loteteza chilengedwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2017, mutha kuwatumizira kope la kalata, ngakhale pa chigayo chimodzi cha m'lokeshoni musayembekezere kuti afika mawa. Apolisi atha kubwera usiku kudzauza bambowo kuti azimitse, zimathandiza usiku umenewo ndipo zimalowa m'buku lawo, koma apolisi si amene amaweruza za kagwiritsidwe ntchito ka malo.

Nanga khonsolo ikangokhala chete? Dikirani ngati mwezi, lembani kalata yokumbutsa mutaphatikiza kope la yoyamba ija ya chidindo. Ndime 43 ya malamulo aakulu imati ofesi ya boma ikamapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zanu iyenera kuchita mwachilungamo ndi kukupatsani zifukwa polemba, nde itchuleni ndimeyo m'kalatamo, amadziwa kuti munthuyu wafunsa kwa odziwa. Palinso lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakupatsani ufulu wopempha kuona mapu a dera lanu ndi kudziwa ngati chilolezo chinaperekedwa, ndipo amayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Khansala wanu mugwiritseni ntchito, munamuvotera, ndipo ndi amene angaidzutse nkhani pa msonkhano wa khonsolo. Pajatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo ine ndimaona kuti chizolowezi chongomanga ndi kutsegula chilichonse paliponse chinakula kwambiri zaka zimenezo poti panalibe wofunsa. Zonsezi zikalephera, kadandauleni kwa Ombudsman, n'zaulere, koma mvetsani kuti Ombudsman sakatseka chigayo, iye amafufuza khonsoloyo chifukwa chosagwira ntchito yake. Za ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, pitani pokhapokha muli ndi umboni weniweni woti wina walandira kenakake, osati zongomva pa mjigo.

Khothi ndi njira yomaliza ndipo ili pawiri. Mutha kusumira khonsolo ku khothi lalikulu kuti jaji aunike chiganizo chake, monga ngati yapereka chilolezo mosatsata ndondomeko, koma imeneyi ili ndi nthawi yochepa, miyezi 3 kuchokera pomwe chiganizocho chapangidwa, nde osagona nayo. Kapena mutha kusumira anebawo mwachindunji kuti akukusowetsani mtendere pa malo anu, n'kupempha chiletso komanso chipukuta misozi ngati fensi yawonongeka. Ubwino wa njira yachiwiriyi ndi woti olo atakhala ndi mapepala onse, chilolezo cha khonsolo sichipatsa munthu ufulu wozunza woyandikana naye, khothi limayang'ana ngati phokoso ndi fumbilo zapyola zomwe munthu wamba angapirire m'dera ngati limenelo, ndipo kope lanu la madeti lija ndi lomwe lidzayankhule. Koma loya wachilungamo adzakuuzani chinthu chimodzi chomwe ambiri amachimva mochedwa, mukatenga chiletso chongoyembekezera mlandu usanathe, mumalonjeza khothi kuti mukadzaluza mudzalipira zomwe winayo wataya nthawi yonse yomwe chigayo chinaima, ndipo chigayo nyengo yokolola chimapanga ndalama. Nde musathamangire chiletso musanaone kulimba kwa umboni wanu. Ngati ndalama ya loya palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau, anakhazikitsidwira anthu ngati inu.

Pali zina zoti ndikuchenjezeni poti mkwiyo wosagona tulo umapangitsa munthu zinthu. Musadule waya, musatseke njira ndi miyala, musatume anyamata, mukatero wolakwa musanduka inu. Musawaike bambowo pa Facebook kapena pa gulupu ya WhatsApp ya m'dera ndi mawu onyoza, lamulo la 2016 la za pa intaneti lamangitsa kale anthu pa nkhani zotere. Ndipo chonde, ndikudziwa zomwe anthu amakamba za zigayo, zoti mwini wake anakhwimira, zoti usiku chimalira chokha, inu musalowe nawo m'zimenezo olo pang'ono, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito, ndipo nkhani yanu yabwinobwino ya fumbi ndi phokoso ingathere pomwepo.

Chinanso, walira mvula walira matope, anthu a khonsolo akabwera sadzayang'ana mbali imodzi ya mpanda, ndipo anebawo akapsa mtima adzayamba kuloza zanu. Nde yang'anani pakhomo panu kaye. Nyumba yanu ili ndi pulani yovomerezeka? Timanyumba ta kuseri tomwe mwina mumachititsa lendi tinalembedwa? Khola la nkhuku za malonda lilipo? Fensi yanu siinadye malo a msewu kapena kulowa mbali yawo? Maleti muli nawo ngongole? Poti mwati munamanga ndi malemu bambo, onaninso ngati mapepala a poloti akadali m'dzina lawo, chifukwa wina atha kufunsa kuti inu mukudandaula ngati ndani. Kukhala kwanu pamalopo kukukwanira kuti mudandaule, koma zimayenda bwino mukanyamula kalata ya imfa ndi pepala losonyeza kuti ndinu woyang'anira chuma cha masiye, ku ofesi ya a DC amathandiza zimenezo. Ngati pali ngongole ya maleti kalipireniko olo pang'ono musunge lisiti, ndipo tsiku lomwelo mukadali ku khonsoloko pemphani a mapulani akuonetseni mapu a dera lanu, muone ndi maso anu mtundu womwe anapaka pa mzere wa mapoloti anuwo musanalembe kalata ija.